Ku mafizo komwe anandiika chotentha pamwendo, matenda anga n'kudziwikira pomwepo

Makasitomala anga akhala akundifunsa chifukwa chomwe Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa amapezera makina anga atavundikiridwa ndi chitenje. Ena afika ponena kuti ndalama zandikwana, ndayamba matama. Ayi ndithu, ndimakhala ndili ku mafizo. Ndapitako chaka ndi miyezi inayi tsopano, ndipo poti anthu atatu andifunsa kale ngati angatengereko abale awo, ndati ndilembe zomwe ndaona kumeneko, zokoma ndi zowawa zomwe. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule ndipo sindikufuna kuwonongera anthu ntchito pa intaneti. Ndi ka malo kolipira, ka zipinda zitatu, m'tauni mwathu muno mwa Mzuzu. Wofuna kulondoleredwa andipeze pakhonde pomwe ndimasokera.

Ine ndine telala, kwathu ndi ku Ntcheu, ndinabwera kuno kudzatsata banja ndipo timakhala ku Chibavi. Ndili ndi zaka 36. Matenda anga dzina lake ndi multiple sclerosis, achipatala amangoti MS. M'Chichewa mulibe dzina lake, ndipo apongozi anga a ku Rumphi mpaka lero amati ndi vimbuza, ndikungofunika kuvinidwa. Sindikangana nawo, amandikonda.

Zinayamba mu 2022, nthawi ya maukwati. Ndinkasoka madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi, nsalu yofiira ngati tomato wakupsa. Tsiku lina diso lakumanzere linayamba kuwawa chakumbuyo kwake, makamaka ndikaliyendetsa kuyang'ana kumbali. M'mawa mwake ndikatseka lakumanja, nsalu ija inkaoneka ngati yasuluka, yotuwira ngati njerwa yosapsa bwino. Ndikatseka lakumanzere, inali yofiira bwinobwino. Kulowetsa ulusi pasingano kunandikanika, mwana wanga wamkazi ndiye ankandilowetsera masingano asanu asanapite kusukulu. Ndinagula magalasi a pamsika, sanathandize. Patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi diso linabwerera lokha, ine n'kuiwalako. Chaka chotsatira phazi lakumanja linachita dzanzi pachopondera cha makina, dzanzilo n'kukwera pang'onopang'ono mpaka m'chiuno, kumamveka ngati wina wandimanga lamba wothina pansi pa nthiti. Anandiyeza malungo, shuga, BP, zonse zili bwino. Ndinamwa panado ndi mavitamini, mwezi ndi theka zinatha. Mu 2024 mwendo womwewo unayamba kukoka. Patapata ankavuka pamsewu ine osamva, ndinkazindikira anthu akundiitana kumbuyo. Apa ndi pamene mnzanga wogulitsa mazipi anandiuza za malo a mafizowa, kuti anawongola bambo ake atadwala sitiroko.

Tsiku loyamba silinayende bwino, ndipo ndiyenera kunena momwe zinalili. Anandilandira ndi mnyamata wophunzira ntchito, waulemu ndithu, koma sanandifunse zambiri. Atamva kuti mwendo, anandigoneka pabedi, n'kutenga chithumba chotentha chokutira m'mataulo, kuchiika pantchafu ndi pamsana. Anati chimafewetsa minofu. Mphindi ngati makumi awiri zitadutsa, mwendo unalemera ngati mtondo, ndipo diso lija lomwe linachira zaka ziwiri zapitazo linachitanso chifunga. Nditati nditsike pabedi ndinagwera pampando. Ndinakalipa. Ndinati mwandilodza kapena mwandiwotcha, ndibwezereni ndalama zanga.

Phokoso langalo ndi lomwe linatulutsa mayi wamkulu wa pamalopo m'chipinda china. Ndimawatchula adokotala ngakhale amakana kuti iwo ndi a mafizo chabe. Anachotsa chithumba chija, n'kutsegula zenera, kuti kamphepo kathu kozizira ka ku Mzuzu kalowe, n'kunyowetsa thaulo m'madzi apampopi kundiika pakhosi. Sanadziteteze ngakhale pang'ono. Anangokoka mpando n'kukhala.

"Amama, mukasamba madzi otentha zimachitikanso zimenezi?"

Ndinaganiza. Inde, m'mwezi wa June ndikatenthetsa madzi kwambiri ndimatuluka m'bafa ndikudzandira ngati woledzera. Anafunsa za kusita. Inde, ndikasita ndi simbi ya makala nthawi yaitali, maso amachita mdima. Anafunsa ngati ndimapitako kunyanja. Ndinawauza za ulendo wa ku Nkhata Bay mu October, kumaliro, komwe ndinalephera kuyenda kuchoka pasiteji kufika pakhomo la namfedwa, anthu n'kumati ndakomoka ndi chisoni, koma titangokwera mapiri kubwerera kuno, mwendo unamasuka wokha. Sindinaganizepo kuti zinthu zitatuzi n'zapachibale. Ndikulankhula choncho, chifunga cha m'diso chinali chikuchoka.

Kenaka anandiuza kuti ndiweramitse mutu, chibwano chikhudze pachifuwa. Ndinadziwa kale chomwe chichitike, chifukwa chinkandichitikira ndikawerama kuyang'ana singano: kanthu ngati shoko ya magesi kamatsika msana wonse mpaka kuzala za kumapazi. Sindinauzepo munthu, poti ndinkaopa kusekedwa. Anandimenya pabondo ndi kanyundo ka labala, mwendo n'kudumpha mopitirira, pang'ono kuwamenya nao. Anakanda pansi pa phazi ndi kiyi, chala chachikulu m'malo mopindikira pansi chinadzuka kuloza kumwamba. Anakhala chete pang'ono.

"Amama, vuto lanu silili m'mwendo ayi. Mwendo ndi wabwino. Uthenga wochokera kumutu ndi womwe ukusokonekera panjira. Ine sindine woyenera kukutchulirani matenda, ndipo ndikapitiriza kukudyerani ndalama za mafizo musanaonedwe ndi dokotala wa mitsempha, ndikhala ndikukuberani."

Ndalama ya tsikulo anandibwezera. Anandilembera kalata ya masamba awiri yopita nayo kwa dokotala, n'kundiuza kuti ndigule kope la ana asukulu, ndikhale pansi ndi amuna anga, tilembe chilichonse chomwe chinandichitikirapo: chinayamba mwezi uti, mbali iti ya thupi, chinatenga masiku angati, chinatha chonse kapena chinatsalako. Anati ngakhale za kuchimbudzi ndilembe. Pamenepo ndinachita manyazi, koma zoona zake ndinali nditayamba kuthamangira kukataya madzi kawirikawiri, mkodzo ukangobwera sudikira. Ndinalembanso za kutopa. Kutopa kwake si kwa munthu amene wasoka mayunifomu tsiku lonse, koma kwa munthu amene wadzuka kumene atagona bwino, thupi n'kukana ngati foni yakufa batire.

Kope limenelo ndi chinthu chachikulu kwambiri chomwe ndinapeza pamalopo. M'kabuku kanga ka kuchipatala zonse zinalembedwamo, koma tsamba lililonse ndi munthu wina, tsiku lina, dandaulo lina: apa diso, apa phazi, apa chizungulire. Panalibe amene anaziika pamodzi, ndipo sindiwadzudzula, poti pamzere pamakhala anthu zana ndipo ine ndinkanena chomwe chikundivuta tsiku limenelo basi. Dokotala wa mitsempha yemwe ndinakaonana naye ku Blantyre atawerenga kopelo anati theka la ntchito yake ndamugwirira kale.

Ulendo wofika pa dzina la matendawa unali wautali, ndipo aliyense amene angatumizidwe ndi a mafizowa adziwiretu zimenezi. Palibe kuyeza kumodzi komwe kumati uyu ali ndi MS, monga amachitira ndi malungo podontheza magazi pakachipangizo. Amayamba ndi kuchotsa matenda ena onse omwe amafanana nawo, ndipo kuno kwathu ndi ambiri. Anandiyeza HIV, chindoko, chifuwa chachikulu chomwe chimatha kugwira msana, komanso kuchepa kwa vitamini B12. Anandifunsa ngati ndimasamba m'nyanja, chifukwa mazira a likodzo amatha kukafika mumsana n'kufoola miyendo. Anafunsanso za kondowole, poti chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimabweretsa matenda otchedwa konzo, oumitsa miyendo mwadzidzidzi, ngakhale iwo sabwera n'kupita ngati anga. Panalinso ena otchedwa neuromyelitis optica, omwe amagwira diso ndi msana monga momwe zinandichitikira, ndipo dokotala anati mwa ife anthu akuda amenewa amawaganizira msanga, chifukwa MS imapezeka kwambiri kumayiko ozizira akutali monga Canada ndi Scotland. Kusiyanitsa awiriwa n'kofunika, poti mankhwala ena a MS amatha kuwonjezera vuto kwa munthu wa matenda enawo. Magazi ake anachita kutumizidwa kunja, tinadikira masabata atatu.

Kenaka makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi. Ndinakwera basi yausiku, kudutsa m'chifunga cha ku Chikangawa, kukacha ndili ku Blantyre miyendo itauma. Amakulowetsa m'chimphanga chopapatiza, chaphokoso ngati chigayo, n'kukuuza kuti usagwedezeke. Ndolo, mapini a m'tsitsi, zonse zachitsulo amavula, ndipo ine telala anandifunsa kawiri ngati ndilibe singano pabulauzi. Pakati pake anandibaya mankhwala otchedwa gadolinium pamkono. Dokotala atandionetsa zithunzizo, ubongo wanga unali ndi timadontho toyera, tina m'mbali mwa timaenje ta madzi tapakati pa ubongo, kena pamsana chapakhosi. Kamodzi kokha ndi komwe kanawala ndi mankhwala aja, kusonyeza kuti n'katsopano, ena onse anali zipsera zakale. Anandifotokozera kuti mitsempha ili ngati waya wa magesi wokutidwa ndi pulasitiki, chokutiracho dzina lake myelin, ndipo pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kudya chokutira chake chomwe, ngati khoswe wa m'nyumba mwako. Waya wosendeka amayendetsabe magesi movutikira, koma thupi likangotentha pang'ono amaleka. N'chifukwa chake chithumba chotentha chija chinandigwetsa. Sichinawononge kanthu, chinangoulula zomwe zinalipo kale. Anati zimenezi zili ndi dzina, la dokotala wa maso wa ku Germany, Uhthoff, ndipo shoko ya pakhosi ija amaitchula dzina la wa ku France, Lhermitte. Ndinaseka ndekha kuti zinthu zomwe ndinkabisa poopa kutchedwa wamisala, azungu anazipatsa mayina agogo anga asanabadwe. Matenda enieniwo anawafotokoza bwino koyamba ndi Jean-Martin Charcot ku Paris mu 1868.

Chomwe ankafuna panthawiyo kuti atsimikize, malinga ndi ndondomeko yomwe amaitcha ya McDonald, yomwe inayamba mu 2001 ndipo amaikonzanso pakapita zaka, ndi umboni woti zilondazo zili malo osiyanasiyana muubongo ndi mumsana, ndiponso kuti sizinabwere tsiku limodzi. Diso mu 2022, phazi mu 2023, mwendo mu 2024: kope langa linali litanena kale zomwe makina anadzatsimikiza. Komabe anandichotsa madzi a pamsana. Ndikudziwa momwe timaopera zimenezi, ifenso kwathu timati wochotsedwa madzi a pamsana sabwerako. Amuna anga anakana poyamba. Ndinaimbira foni adokotala a ku mafizo aja usiku, ndipo ngakhale sindinali kasitomala wawo panthawiyo, anayankha, n'kulankhula ndi amuna angawo m'Chitumbuka mphindi khumi. Anawauza kuti anthu ambiri omwe timamva kuti anamwalira atachotsedwa madziwo amakhala atafika kale mochedwa ndi matenda oumitsa khosi, si singanoyo imawapha. Ndinachotsedwa, mutu unawawa masiku atatu ndikadzuka, ndikagona n'kusiya, basi. M'madzimo anapezamo timizere ta chitetezo tomwe timapezeka mwa odwala MS ambiri.

Anandiika madiripi a methylprednisolone masiku asanu, mwendo unapepuka, nkhope n'kutupa, tulo n'kusowa. Anandiuza mosabisa kuti mankhwala ochiritsiratu kulibe, koma alipo ochepetsa kubwerabwera kwa matendawa, ndipo mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika atatu mwa iwo pamndandanda wa mankhwala ofunikira. Kuwapeza kuno ndi kuwalipira ndi nkhani ina yomwe ndidzalemba tsiku lina mtima ukadzakhala pansi. Mwana wanga anawerenga pafoni kuti padziko lonse tilipo pafupifupi 2.8 miliyoni, amayi kuposa abambo kawiri kapena katatu, ndipo ambiri amayamba ali pakati pa zaka 20 ndi 40. Anawerenganso kuti mwa 100 alionse, pafupifupi 85 amayamba monga ine, kudwala n'kuchira, kudwala n'kuchira. Kuchirako ndi komwe kumapusitsa. Umati mapemphero ayankhidwa, kapena mankhwala a agogo agwira, n'kutaya chaka.

Tsopano za mafizo enieniwo, poti ndinabwererako ndi dzina la matenda m'manja. Pafayilo yanga analembapo ndi cholembera chofiira kuti chotentha ayi. Amandipatsa nthawi ya 7:30 m'mawa kusanatenthe, bedi la pafupi ndi zenera, ndipo m'miyezi ya October ndi November amandiyatsira fani, magetsi akakhalapo. Akazima, thaulo lonyowa. Zochita zake si zodabwitsa: kuimirira mwendo umodzi nditagwira chitsulo, kuyenda pamzere wa tepi chidendene kugunda chala, kudzuka pampando osagwira kakhumi, kukoka phazi ndi lamba wa labala, kuwongola minofu ya kumbuyo kwa mwendo yomwe imakonda kukungika usiku. Chomwe ndimayamikira n'chakuti sandithamangitsa. Poyamba ndinkafuna kuchita zambiri kuti ndichire msanga, adokotala n'kundiletsa, amvekere mphamvu zanu muzizigawa ngati ndalama ya pamwezi, musathere pa 5. Anabweranso tsiku lina pakhonde panga kudzaona momwe ndimakhalira pamakina, osandilipiritsa. Ndiwo anandiuza kuti ndiikitse kamota pamakinawo ndizipondera phazi lakumanzere, ndikweze tebulo ndi njerwa kuti ndisamaweramitse khosi kwambiri, ndipo kusita ndimusiyire mtsikana wondithandiza. Anandiphunzitsanso kusiyanitsa kudwala kwatsopano ndi kwabodza: chizindikiro chatsopano chikakhala kupitirira maola 24 popanda kutentha thupi, ndiimbire dokotala, koma zakale zikangodzuka, ndiyambe ndayezetsa malungo ndi mkodzo, chifukwa kutentha thupi kulikonse kumazidzutsa. Kawiri konse zapezeka kuti ndi matenda a m'chikhodzodzo chabe.

Zodandaula zilipo, ndipo iwo akuzidziwa chifukwa ndinawauza pamaso. Choyamba ndi masitepe. Malo olandira anthu olumala miyendo, koma pakhomo pali masitepe atatu opanda chogwirira, a simenti yosalala, ndipo mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, imagwa mpaka April osapuma. Ndaonapo agogo ena a sitiroko akunyamulidwa ngati thumba la chimanga ndi mlonda ndi wa sakaramento (njinga ya kabaza) amene anawabweretsa. Chachiwiri chimandipweteka kwambiri: chimbudzi chili kuseri kwa nyumba, chokhoma, ndipo kiyi amasunga mtsikana wa pakauntala, yemwe nthawi zina amakhala wapita kukagula mandasi. Kwa munthu wa MS, mkodzo ukati wabwera wabwera. Tsiku lina zinandichitikira pakhonde pawo, anthu akuona, ndinabwerera kunyumba nditamanga chitenje cha mayi wina wachifundo. Kuyambira pamenepo kiyi amandipatsa ndikangofika, koma nanga ena osalankhula ngati ine?

Chachitatu, adokotala akachokapo kupita kumisonkhano ku Lilongwe, malowo amasanduka ena. Ophunzira amasinthasintha, aliyense umayamba kumufotokozera pachiyambi, ndipo wina chaka chino anabweranso ndi chithumba chotentha chija, fayilo ili m'manja osaitsegula. Ndinangomulozera cholembera chofiira. Mtengo nawo ndi wokwera kwa munthu wa ntchito zamanja: ulendo umodzi umandidyera ndalama yosokera madiresi awiri, ndipo anakweza kawiri chaka chimodzi osatichenjeza, kungopeza pepala latsopano pakhoma. Amachotserako ukalipiriratu mwezi wonse, koma sakuuza pokhapokha utafunsa. Inu funsani.

Kwa amene mukuganiza zotengerako m'bale wanu, ndinene chimodzi chomwe adokotalawo amabwereza kwa aliyense. Munthu akafooka mbali imodzi mwadzidzidzi, kamwa kupotoka, mawu kusokonekera, ameneyo si wa mafizo, thamangirani naye kuchipatala chachikulu ola lomwelo chifukwa ikhoza kukhala sitiroko. Dzanzi lililonse si MS ayi, ambiri ndi shuga, mankhwala ena, kapena mtsempha wopanikizika. Koma ngati ndi wachinyamata yemwe chaka chino diso, chaka chamawa mwendo, zikubwera masabata angapo n'kuchoka zokha, zikukula kukatentha, mugulireni kope alembe, ndipo mukapita kumeneko pemphani kuti tsiku loyamba amuone ndi mayi wamkuluyo, osati wophunzira. Imbani kaye mudziwe ngati alipo sabata imeneyo.

Mwendo wanga sunabwerere mwakale. Ndikayenda kuchoka ku Chibavi kufika m'tauni phazi limayamba kukhula pansi, ndiye ndimakwera sakaramento, ndodo nditaipingasa pamiyendo. Koma patapata savukanso, ndipo mwezi wathawu ndinamaliza mayunifomu 40 a kwaya ya amayi pa nthawi yake. Makatani a m'chipinda chawo chapakati anali atang'ambika, odwala kumaonekera povula, ndiye ndinawasokera atsopano a buluu, n'kuwauza adokotala kuti malipiro ake ndi chitsulo chogwirira pamasitepe paja. Anaseka n'kuvomera. Wowotcherera zitsulo anabwera kudzayeza mu August, ndipo Lachisanu lapitali ndinakwerabe nditagwira phewa la mlonda.